Lifali akaona ndewu n'kubwerera m'mbuyo: ndi mantha kapena ndiyo ntchito yake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Mzuzu. Inali yaitali, koma mfundo yake ndi iyi: "Achimwene, tinakangana ndi anzanga mpaka usiku titaonera mpira. Osewera akayambana pabwalo ku Ulaya, ndimaona lifali akubwerera m'mbuyo n'kumangoonerera ngati mlendo wodutsa. Ine ndikuti ndi mantha, anzanga akuti ndi malamulo. Mundiuzenso kuti zinatheka bwanji pa masewero a Chelsea ndi Tottenham mu 2016 kuti pasatuluke khadi yofiira ngakhale imodzi. Ine ndine wa Tottenham, koma usiku umenewo ndinachita manyazi."

Achimwene, mwafunsa mafunso awiri osiyana. Pa loyambalo anzanu akuposani, kawapepeseni. Pa lachiwirilo manyazi anu ndi oyenera, kungoti simuyenera kuwasenza nokha. Pali mkulu wina dzina lake Mark Clattenburg, lifali wa masewerowo, amene ayenera kukugwirirani mbali ina ya katunduyo.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine. Zaka zapitazo, pa Khirisimasi, ndinayimbirapo mpira kumudzi kwathu, wolimbirana mbuzi. Sindinaphunzirepo za ulifali. Anangondipatsa wezulo chifukwa pagulu lonselo ndine ndinali ndi wotchi ya pamkono. M'chigawo chachiwiri anyamata awiri anagwirana pakhosi, ndipo ine ndi mtima wanga wabwinowu ndinathamanga kukaleretsa. Ndinalowa pakati mutu uli pansi, uku ndikukoka uyu, uku ndikukankha uyo. Zimene ndinaona m'menemo ndi fumbi, thukuta ndi m'khwapa mwa anthu. Gulu litabalalika, mnyamata wina anali atakhala pansi, magazi ali chuchuchu pamlomo, ndipo aliyense ankandifunsa funso limodzi: "Alifali, mwamuona wamenyayo?" Sindinamuone. Ndinatulutsa awiri amene anayambitsa aja, chonsecho palibe mwa iwo anaponya chibakera. Woponya chibakerayo anasewera mpaka pomaliza, ndipo mbuzi inapita ndi timu yake.

Ndiye mukaona lifali wa ku Ulaya akubwerera m'mbuyo, dziwani kuti akupewa zimene ndinachita inezi. Umo ndi mmene amaphunzitsidwira. Akakangana anthu awiri okha, amayesetsa kufika msanga, wezulo ili pakamwa, kuti moto uzime usanakule. Koma ikangosanduka ndewu ya chigulu, amatulukamo n'kuima pamene angaone onse. Othandizira ake a mbendera amayandikira, aliyense mbali yake, kuti gululo lionedwe kuchokera kumbali zingapo, ndipo woyimbira wachinayi amayang'anira mabenchi. Oleretsa alipo ambiri pabwalo: makaputeni, aphunzitsi, achitetezo. Koma mboni imene mawu ake amatulutsa munthu m'bwalo ndi imodzi, ndipo mboniyo ikakanirira pakati pa zigongono, mlandu wafera pomwepo.

Kumbukirani za ku Mestalla, bwalo la Valencia, pa 6 Malichi 2007, Valencia ndi Inter Milan mu Champions League. Masewero anathera 0-0, Valencia n'kupitirira chifukwa cha zigoli ziwiri zimene inagoletsa koyenda ku San Siro. Wezulo yomaliza itangolira, Carlos Marchena wa Valencia ndi Nicolás Burdisso wa Inter anayambana, ndipo osewera anaunjikana kuti awaleretse. Burdisso ali chigwiridwire, manja ali omangika, kunatulukira David Navarro wa Valencia kuchokera pa benchi, munthu amene sanaponde n'komwe m'bwalo usiku umenewo. Anamusasantha chibakera n'kumuthyola mphuno, kenako liwiro la mtondo wadooka kuthawira kuzipinda zosinthira, anyamata a Inter ali pambuyo kuyesa kumutchera mwendo. UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, inaletsa Navarro kusewera miyezi 7, ndipo atachita apilo inatsitsa kufika pa 6. Wowononga kwambiri pa ndewu kawirikawiri sakhala mwa awiri oyambitsawo. Amachokera kutali, amabwera akuthamanga, ndipo amamenya munthu amene wagwiridwa. Ameneyo amaoneka kwa munthu amene waima panja pa gulu.

Tinene pang'ono za malamulo, chifukwa m'mavidiyo sho timasokoneza zinthu ziwiri. Lamulo 12 la mpira limagawa kulakwa polimbirana mpira m'magawo atatu. Kulowa mosasamala ndi faulo chabe. Kulowa mosaganizira kuti mnzako angavulale ndi khadi yachikasu. Kulowa ndi mphamvu yopyola muyeso, yoika thupi la mnzako pachiswe, ndi khadi yofiira. Zonsezi n'zochitika mpira ukulimbiranidwa. Palinso mlandu wina wapadera, wa nkhanza pamene mpira palibe: chibakera, kugunda ndi mutu, kuponda munthu ali pansi. Pamenepa lamulo silisamala kuti wamenya ndani, kaya ndi mdani, wochemerera, lifali kapena mnzako wa timu imodzi. N'chifukwa chake mu Epulo 2005 lifali Barry Knight anatulutsa Lee Bowyer ndi Kieron Dyer, onse a Newcastle, atamenyana okhaokha akusewera ndi Aston Villa. Silisamalanso ngati chibakeracho chafika kapena chaphonya. Ndipo mphamvu za lifali sizithera pa wezulo yomaliza, amatha kutulutsa khadi kufikira atachoka m'bwalo.

Tsopano tibwere pa usiku wanu uja.

Linali Lolemba, pa 2 Meyi 2016, pa Stamford Bridge, bwalo la Chelsea. Dzulo lake Leicester inali italepherana 1-1 ndi Manchester United n'kufika pa mapointi 77. Tottenham inali ndi 69, itatsala ndi masewero atatu, ndipo china chilichonse kupatula kupambana chinali kupereka chikho kwa Leicester. Onjezerani apo kuti Tottenham inali isanapambane pabwalo limenelo kuyambira 1990, kuti mphunzitsi wa Leicester Claudio Ranieri anaphunzitsapo Chelsea, komanso kuti Eden Hazard wa Chelsea anali atanena poyera kuti sakufuna Tottenham itenge ligi. Chelsea chaka chimenecho inalibe chosewerera, inali pakati pa tebulo. Chimene chinatsala n'kuwonongera mnansi basi. Mwana wamng'ono akanadziwa kuti udzu wauma ndipo machesi ali pafupi.

Kuno inali 9 koloko usiku pamene mpira unayamba. Ndinaonera m'kachipinda kodzaza, theka la anthu atasanduka a Leicester kwa usiku umodzi. Mphindi zoyambirira zenizeni anthu anayamba kupondana, kukankhana mpira utapita, kulozana zala kumaso. Clattenburg ankangoyankhula nawo. Aitana uyu, amunong'oneza, amusisita paphewa, mpira upitirire. Mphindi zoposa 20 zinadutsa khadi isanatuluke m'thumba. Mdala wina amene anakhala pafupi nane, wa Arsenal, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana uyu akulera njoka." Tinaseka, koma ananena zoona.

Harry Kane anagoletsa, Son Heung-min anawonjezera chachiwiri, ndipo inu a Tottenham munali mutayamba kale kuimba. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Danny Rose wa Tottenham anamulowa Willian wa Chelsea moipa pafupi ndi mzere, awiriwo n'kuyang'anizana mphuno ndi mphuno. Mauricio Pochettino, mphunzitsi wathunthu wa Tottenham, analowa m'bwalo kukaleretsa, ndipo kulowa kwakeko kunaitana wina aliyense. M'chipwirikiti chimenecho Mousa Dembélé wa Tottenham anapisa zala m'diso la Diego Costa wa Chelsea. Makamera anaona, oyimbira sanachitepo kanthu. Rose ndi Willian analandira zachikasu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chigawo chachiwiri Hazard analowa, Gary Cahill anabweza chimodzi pa mphindi 58, ndipo mitu ya anyamata anu inayamba kuwira. Érik Lamela anaponda dzanja la Cesc Fàbregas ali pansi. Pa mphindi 83 Hazard anapinda mpira uja kukalowa pakona ya m'mwamba, 2-2, ndipo kuchokera pamenepo zimene zinatsala sizinalinso mpira. Eric Dier wa Tottenham anamusesa Hazard, kenako anamusesanso Fàbregas, ndipo anamaliza masewero ali m'bwalo. Wezulo yomaliza italira ndewu inasamukira pakhomo lolowera kuzipinda, mpaka mphunzitsi wa Chelsea Guus Hiddink, mdala wa zaka 69, anagwetsedwa pansi. Makhadi achikasu anatuluka 12, ndipo 9 mwa iwo anali a Tottenham, chiwerengero chimene timu imodzi inali isanafikepo m'masewero amodzi a Premier League. Yofiira, ng'o.

Pakanakhala kuti zinathera pamenepo, bwenzi ndikunena kuti munthuyo zinangomukulira, monga zinandikulira ine pa mpira wa mbuzi. Koma kumapeto kwa 2017 Clattenburg anayankhula yekha pa pulogalamu ina ya ku America. Mwachidule anati analowa m'bwalo ali ndi pulani: sanafune kuti m'mawa mwake manyuzipepala alembe kuti iye ndiye walanditsa Tottenham chikho. Anavomera kuti akanatha kutulutsa osewera atatu a Tottenham, koma anawasiya kuti adziwononge okha, dziko lonse lione kuti adzipha ndi manja awo.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana naye, ndipo sindibisa. Lifali amene akuganiza za mitu ya nkhani ya mawa wasiya kuyang'ana miyendo ya anthu amene ali patsogolo pake. Pulani imeneyo inateteza dzina la munthu mmodzi, koma amene analipira mtengo wake ndi akakolo a Hazard, dzanja la Fàbregas ndi diso la Costa. Mwayi wake ndi wakuti palibe anathyoka. Dier akanaphonya pang'ono n'kuthyola mwendo wa munthu, kodi pulaniyo akanaifotokoza monyadira choncho? Ndiponso osewera si opusa. Amamuyesa lifali m'mphindi zoyambirira monga ana amayesera mphunzitsi watsopano. Akaona kuti kuponda koyamba kwadutsa ndi kucheza, kwachiwiri kumabwera kokulirapo, ndipo amene wapondedwayo amati ngati boma palibe ndidziweruzira ndekha. M'mera mpoyamba. Ndewu ya pa mphindi 45 ija inabzalidwa m'mphindi 20 zoyambirira, nthawi imene khadi imodzi yachikasu ikanagula mtendere wa usiku wonse.

Ndiye funso lanu loyamba lija muliyang'ane chonchi: kubwerera m'mbuyo ndewu itabuka si mantha. Ngati mukufuna kugwira lifali wamantha, muzimuyang'ana ndewu isanabuke, pamene dzanja likupita kuthumba n'kubwerako lopanda kanthu.

Kuti ndisamupondereze mkuluyu, mbali yake ilipo. Ku England makamaka, anthu amakonda lifali wolola mpira kuyenda, ndipo wotulutsa makhadi msanga amamunena kuti wawononga masewero. Mwambowu ndi wakale. Pa fainolo yobwereza ya FA Cup ya 1970, Chelsea ndi Leeds anakhapana usiku wonse pa Old Trafford, ndipo lifali Eric Jennings analemba m'buku munthu mmodzi yekha. Mu 1997 lifali David Elleray ataonera filimu yake anati iye akanatulutsa anthu 6, ndipo lifali wina, Michael Oliver, ataionera mu 2020 anati 11. Clattenburg anakulira m'mwambo umenewo.

Palinso malire a chiwerengero. Timu ikatsala ndi osewera osakwana 7, masewero sangapitirire. Zinachitikapo pa Bramall Lane pa 16 Malichi 2002, Sheffield United ndi West Bromwich Albion. Goloboyi wa Sheffield United, Simon Tracey, anatulutsidwa koyambirira atagwira mpira kunja kwa bokosi. M'chigawo chachiwiri mphunzitsi wa timuyo, Neil Warnock, analowetsa Georges Santos ndi Patrick Suffo. Santos anali ndi mangawa ndi Andy Johnson wa West Brom, amene chigongono chake chinamuphwanya fupa la kumaso chaka cham'mbuyo, ndipo atangolowa anamuulukira ndi miyendo iwiri. Yofiira. M'chipwirikiti chotsatira Suffo anagunda Derek McInnes ndi mutu. Yofiiranso. Ena awiri atatuluka ovulala, United inatsala ndi anthu 6, ndipo lifali Eddie Wolstenholme anathetsa masewero pa mphindi 82, West Brom ikutsogola 3-0. Zotsatirazo zinasiyidwa momwemo, ndipo Santos ndi Suffo sanavalenso yunifomu ya timuyo. Koma taonani: pa nkhani imeneyi amene amatchulidwa mpaka lero ndi Santos, Suffo ndi Warnock. Wolstenholme palibe amamuloza chala. Chimene Clattenburg ankaopa, choti wotulutsa anthu ndiye amasenza mlandu, sichichitika nthawi zonse.

Mantha enieni aliponso, ndisakunamizeni. Paolo Di Canio anakankha lifali Paul Alcock mpaka kugwa mu 1998 n'kuletsedwa masewero 11. Lifali Anders Frisk wa ku Sweden anagendedwa n'kutuluka magazi pamutu ku Roma mu Sepitembala 2004, ndipo anathetsa masewero ndi Dynamo Kyiv pa nthawi yopuma. Patangopita miyezi yochepa anatulutsa Didier Drogba wa Chelsea pa Camp Nou, bwalo la Barcelona, ochemerera ena anayamba kumuopseza kuti amupha iye ndi banja lake, ndipo anapachika wezulo ali ndi zaka 42. Ku Turkey mu Disembala 2023, pulezidenti wa Ankaragücü, Faruk Koca, analowa m'bwalo n'kumenya chibakera lifali Halil Umut Meler, ena n'kumamuponda ali pansi, mpaka ligi yonse inaimitsidwa. Munthu wodziwa zonsezi akamazengereza kutulutsa khadi, ndimamumvetsa. Kumvetsa sikuvomereza ayi.

Nanga zimene lifali waphonya zimathera kuti? Mlandu suola. Dembélé anapatsidwa chiletso cha masewero 6, kuwirikiza kawiri atatu amene munthu amalandira pa nkhanza wamba ku England, ndipo matimu onse awiri analipitsidwa chindapusa cha mapaundi zikwi mazanamazana polephera kulamulira osewera awo. Luis Suárez wa Liverpool ataluma Branislav Ivanović wa Chelsea mu 2013 lifali sanaone, koma FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, inamupatsa masewero 10. Ben Thatcher wa Manchester City atagunda Pedro Mendes ndi chigongono mu 2006, munthu mpaka kukomoka, analandira yachikasu yokha, ndipo FA inachita kulowererapo ndi masewero 8. Ku Scotland zinafika kukhoti: Duncan Ferguson wa Rangers anagunda ndi mutu wosewera wa Raith Rovers mu 1994 osalandira khadi, koma anakagona kundende ya Barlinnie masiku 44. Vuto la chilango chobwera pambuyo ndi lakuti olakwiridwawo sapindula nacho. Suárez analuma, anakhalabe m'bwalo, n'kugoletsa chigoli chofananitsa pa mphindi yomaliza. Amene anadyerera chiletso chakecho ndi matimu ena amene anakumana ndi Liverpool iye kulibe.

Dzenje limeneli ndi limene VAR, njira yothandiza lifali poonanso zochitika pa kanema, inabwera kudzakwirira. Inalowa mu Champions League kumayambiriro kwa 2019, ndipo mu Premier League mu Ogasiti chaka chomwecho. Khadi yofiira yachindunji ili m'gulu la zinthu zimene imaloledwa kuunika, choncho zala za Dembélé lero sizikanadutsa. Onani za Paris Saint-Germain ndi Marseille pa 13 Sepitembala 2020. Ndewu itabuka m'mphindi zowonjezera, lifali Jérôme Brisard anadikira fumbi likhazikike, anamva za anzake a pa kanema, n'kutulutsa anthu 5: Layvin Kurzawa, Leandro Paredes ndi Neymar a PSG, Jordan Amavi ndi Darío Benedetto a Marseille. Neymar anagwidwa ndi kamera akumenya Álvaro González kunkhongo. Kamera yapangitsa kuti kuima patali kuja kukhale kwanzeru kuposa kale, chifukwa zimene maso aphonya wina azibweretsa. Koma VAR siingauze lifali kuti masewero akutentha, tulutsa yachikasu tsopano. Ya ku Paris ija inali itatentha kuyambira chigawo choyamba. Imeneyo ikadali ntchito ya mphuno ya munthu ali pakatiyo.

China chimene chasintha n'chakuti kuyambira pa Euro 2024, UEFA inalamula kuti pa zigamulo zikuluzikulu kaputeni yekha ndiye aziyankhula ndi lifali, wina akathamangirako alandire yachikasu, ndipo lamuloli linalowanso m'mipikisano yake ya makalabu. Ine ndimaliona ngati lothandiza, chifukwa ndewu zambiri zimayambira pa kuunjikana kozungulira lifali. Aphunzitsi nawonso kuyambira 2019 amaonetsedwa makhadi ngati osewera. Pochettino atati alowe m'bwalo lero monga anachitira usiku uja, sangabwerere pa benchi chimanjamanja.

Mwina mukudabwa kuti Clattenburg zinamuthera bwanji. Sanalangidwe. Mwezi womwewo anayimbira fainolo ya FA Cup, kenako ya Champions League ku Milan pakati pa Real Madrid ndi Atlético, kumene anamutulutsira lilime Pepe akudzigubuduza pansi ngati walumidwa ndi njuchi, ndipo mu Julaye anayimbira fainolo ya Euro 2016. Anali lifali waluso kwambiri, n'chifukwa chake za pa Stamford Bridge zimandiwawa. Wosadziwa ntchito ukhoza kumukhululukira. Uyu ankaona zonse.

Za timu yanu, achimwene, mukuzidziwa kale, koma anzanuwo akadzakufunsani muwauze bwinobwino. Dembélé atakhala panja, Tottenham inagonja 2-1 pakhomo ndi Southampton. Tsiku lomaliza inapita ku Newcastle, timu imene inali itatuluka kale mu ligi. Aleksandar Mitrović wa Newcastle anaponda Kyle Walker wa Tottenham, ndipo lifali wa tsiku limenelo sanachedwe, anatulutsa yofiira pomwepo. Newcastle ya anthu 10 inawonjezera zigoli zitatu, masewero n'kuthera 5-1, ndipo Arsenal inakudumphani n'kumaliza pa nambala 2. Mdala uja wa njoka anatigulira tonse Fanta.